Mizere Itatu ndi Nthaka ya Pansi pa Nyanja

Kwathu kwa Kadewere munda sitiyeza ndi maso, timawerenga mizere. Amayi atamwalira, zaka zija nkhondo ili mkati ku Mozambiki, munda wawo tinagawana ine ndi mng'ono wanga. Malire anali ngalande chabe. Kubzalapo nkhadze tinkaona ngati n'kunyozana, popeza tinayamwa bere limodzi.

Aliyense wogwira khasu amadziwa kuti pounda mizere yatsopano umang'amba wakale pakati, dothi lina uku, lina uku. Wapamalire ndiye wovuta. Dzanja likalemera mbali imodzi, ngalande imasuntha. Mng'ono wangayu dzanja lake linkalemera chaka ndi chaka, mpaka ndinapeza nandolo wanga akuyambira pamene kale panali mzere wachinayi. Ndinapsa mtima, ndipo ndinakaitana atsibweni athu, eni mbumba, kuti adzaone okha.

Masiku omwewo mwana wanga wamkazi, yemwe anali folomu 3, anabwera kutchuthi ndi nkhani yozunguza mutu. Ati pakati pa nyanja zikuluzikulu zamchere, pansi penipeni, pali mtandadza wa mapiri wong'ambika pamsana. M'mng'alumo mumatuluka mwala wosungunuka, ukazizira n'kukhala nthaka yatsopano, n'kumakankha yakale mbali zonse ziwiri. Ati maiko onse akuyenda, ngakhale phiri la Chiradzulu lili paulendo.

Ndinamufunsa kuti moto ungayake bwanji m'madzi. Anayankha, koma sindinatolepo kanthu. Ndinafunsanso ngati aphunzitsi akewo anafikako pansi pa nyanjapo. Ati ayi, ngakhale nyanja yamchereyo sanaionepo. Ndinangoti chabwino, kapale moto wathu wapamtundawu.

Tsiku la mlandu tinaima pamalire, atsibweni akuwerenga mizere ndi ndodo. Mng'ono wanga analumbira kuti sanasunthe kanthu.

"Nanga ngalandeyi ili ndi miyendo?" ndinatero ine. "Nthaka imayenda yokha?"

Mwana uja anali kumbuyo kwanga atasenza ndowa ya madzi a atsibweni. Anakulira m'nyumba yosanama, vuto lake ndi limenelo.

"Imayendatu amayi," anatero mwaulemu.

Atsibweni anatsitsa ndodo. Anali munthu woopa sukulu kuposa njoka. Anamuuza kuti afotokoze, iye n'kufotokoza zonse, mapiri a m'madzi, mng'alu, mwala wosungunuka. Pofuna kuti atsibweniwo amve bwino anatula ndowa, n'kutola khasu, n'kung'amba mzere pakati, dothi uku ndi uku. Anawonjeza kuti zimayenda pang'onopang'ono ngati kukula kwa chikhadabo, komanso kuti munda wonse umayendera limodzi ndi malire ake omwe. Koma pamenepo n'kuti mng'ono wanga akuwomba kale m'manja.

"Mwamva nokha atsibweni. Wanena ndi mwana wawo, osati ine."

Atsibweni anayang'ana phiri nthawi yaitali, ngati akufuna kuligwira likusuntha. Kenaka anati zinthu zimene ophunzira akuziona m'mabuku iwo sangazitsutse, ndipo sangaweruze munthu pa mlandu umene mwina ndi wa nthaka. Malire akhale pamene ali lero, tibzalepo nkhadze kuti zisapitirire.

Ndinafuna kukalipa koma sindinadziwe woyamba naye. Mng'ono wanga, atsibweni, mwana, kapena aphunzitsi osaona nyanja aja? Nkhadzeyo ndinabzala ndi manja anga, misozi ili m'maso.

Pobwerera kunyumba mwana ankanditsatira chapatali. Nditaima kuti andipeze, ndinamufunsa za nthaka yatsopano ija, imene ikubadwa tsiku ndi tsiku pansi pa madzi, kuti amalima ndani.

"Palibe, amayi."

Mpaka lero sindimvetsa. Nthaka ikubadwira kumene kulibe khasu, ife kuno abale tikudana chifukwa cha mizere itatu.

Anandipepesa, ati sanafune kunditayitsa munda. Ndinamulandira ndowa ija, n'kumukumbutsa kuti kwathu kuno munda wa mayi umapita kwa mwana wamkazi.

"Sunanditayitse ine, mwanawe. Mizere ija inali yako."