Simbi Yolemera ya Mayi Zigamba

Tsiku limene chofunda chake chinakanidwa, mayiyu anatuluka m'sitolo osaona n'komwe akuponda. Chinali chofunda cholumikiza zigamba, ndipo chinamudyera milungu yambiri. Mwini sitolo, mayi wosadziwa kubisa mawu, anachiyala patebulo anthu akuona. Pakati panatumphuka ngati pansi pake pagona mphaka, makona a zigamba sanakumane, ndipo pansalu yoyera panali madontho a dzimbiri.

"Kusoka mumatha, mayi, koma ichi sindingagulitse," anatero mwini sitolo. "Mukasoke china chogona bwino. Chikadzakhalanso chonchi, musadzavutike n'kubwera."

Mwina mukuti chofunda n'chiyani kuti munthu achilirire. Dikirani ndikuuzeni. Mwamuna wa mayi wosokayu atamwalira, alamu ake anatenga mwana wake wamkazi, n'kunena kuti adzam'bweza mayiyo akadzapeza ntchito yodalirika. Kumeneko mwanayo ankatsuka mbale ndi kulera ana a eni nyumba, anzake akupita kusukulu. Mwini sitolo uja anali atalonjeza kuti chofunda chikakhala chabwino, azitenga zina mwezi ndi mwezi. Ntchito yodalirikayo inali imeneyi.

Mayiyu ankasesa mushopu ya matelala. Ankatola tinsalu totsala pansi pa matebulo, mpaka matelalawo anamupatsa dzina loti Mayi Zigamba. Iwo akapita kukadya masana, ankamulola kukhala pa makina akale a pakona.

Atafika kunyumba tsiku limenelo analira, ndipo sindimunena. Anada makina, anada ulusi, kenako anada manja ake omwe. Koma misozi itauma anatenga lezala n'kuyamba kuphwasula chofunda chija msoko ndi msoko, kuti aone pamene panalakwika.

Apa m'pamene anadabwa. Zigamba zimene anazidula zofanana zinali zitasiyana, zina zitatalika, zina zitapotoka. Makina satalikitsa nsalu. Wolakwa anali phee pashelefu, akunyezimira.

Inali simbi yake. Anaigula chifukwa chokongola, yopepuka ngati kapu yopanda madzi, yotulutsa nthunzi yambiri. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Popeza inali yopepuka, ankaikankha ndi mphamvu uku ndi uku monga amasitira malaya, ndipo tizigamba tinkatamuka. Akaiimika kuti asoke msoko wina, inkazima yokha. Akaigwiranso isanatenthe bwino, inkalavula madzi a dzimbiri.

Anayesa njira ina: kuika simbi pamsoko, kudinda, kuinyamula, n'kuikanso patsogolo, osaikwekwesa. Msoko unagonako, koma mkono unawawa, chifukwa ntchito yonse ankagwira ndi iye, simbi ikungoperekeza. Anadziwa kuti akufunika ina.

Anadzimana zambiri mpaka anakwanitsa. Tsiku logula sanapite chimanjamanja. M'chikwama anaika zigamba zosokedwa kale, kansalu koyera ndi botolo la madzi. M'masitolo ambiri anamukaniza, ati simbi sayesa ngati nsapato, ndipo ena anamuseka asanatuluke n'komwe. Iye sanakwiye, anangolowa khomo lotsatira.

Potsiriza anapeza bambo wina wogulitsa zamagetsi, wokonda nthabwala, amene anamulola kulumikiza simbi pasoketi ya kuseri kwa kauntala. Mayi Zigamba ananyamula iliyonse kuti amve kulemera kwake. Anayendetsa chala kunsi kuona ngati n'kosalala. Analowetsa mphuno ya simbi pakati pa msoko kuona ngati ikuutsegula bwino. Anathira madzi n'kusita kansalu koyera kuti wolavula adziulule yekha. Kenako anaiimika n'kuyamba kucheza, kudikira ngati izime. Ngakhale nthambo anaitambasula, poti tebulo lake linali kutali ndi soketi.

"Mayi, kodi mukugula simbi kapena mukusankha mwamuna?" anafunsa wogulitsayo.

"Mwamuna ndinasankha mothamanga, ndinangochita mwayi," anayankha. "Pa simbi sindidaliranso mwayi, bambo."

Imene inapambana inali ya pansi penipeni pashelefu, yafumbi, yopanda maonekedwe. Inali yolemera, yosongoka mphuno, ndipo ikatentha inkakhala yotentha. Wogulitsayo anati anali atatopa nayo, anthu ankangoidutsa.

Anayambiranso chofunda. Ulendo uno msoko uliwonse ukangochoka pa makina unkapita pansi pa simbi usanakumane ndi unzake. Ntchito inkayenda pang'onopang'ono, ndipo matelala ankamuseka kuti akusita kwambiri kuposa kusoka. Iye ankangoti kuthamanga si kufika. Makona anayamba kukumana okha, osawakoka.

Atabwerera ndi chofundacho kusitolo kumene anachikana kuja, nkhope inali m'mwamba. Mwini sitolo anayala chofunda patebulo lomwe lija, n'kuyendetsa chikhatho kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Anachitembenuza, nayang'anitsitsa misoko kwa nthawi. Kuyamikira sanali kukudziwa mayi ameneyu. Anangofunsa kuti zina zibwera liti, ndipo ngati angathe kusokanso za mabedi a ana.

Mwezi utatha, zofunda zina zitalandiridwa, Mayi Zigamba anavala bwino n'kupita kwa alamu ake. Anamulandira ndi mawu ambiri. Ati mwana wazolowera kuno, ati kusoka si ntchito yoti munthu n'kuidalira, ati nanga ana awa awayang'anira ndani. Iye anawasiya kuti amalize, chifukwa ulemu sagula.

"Alamu, zikomo pondisungira mwana," anatero. "Munanena nokha kuti ndikapeza ntchito ndidzabwere. Ndabwera."

Mwanayo anali kuseri kwa chitseko, akumva zonse. Amayi ake asanamuuze n'komwe kuti akalongedze, anatulukira manja akadali onyowa ndi madzi otsukira mbale, kathumba ka zovala kali pachifuwa. Ali m'njira, amayi ake anamufunsa kuti walongedza nthawi yanji.

"Sindinamasule, amayi, chibwerereni," anayankha. "Ndinkadziwa kuti mubwera."

Lero mwanayo ali pasukulu, ndipo amayi ake ali ndi tebulo lawolawo, makina awoawo ndi anthu amene akuwaphunzitsa kusoka. Wophunzira watsopano akafika, samuyambitsa pa makina, amamupatsa kaye simbi.

Inu amene ntchito yanu yakanidwa, musafulumire kunena kuti manja anu ndi oipa. Lirani ngati misozi yabwera, koma mukatha phwasulani msoko muone pamene palakwika. Chida chimene mukudalira chiyeseni, musachikhulupirire chifukwa cha kunyezimira. Ndipo mtima wokhawo musautaye, abale anga. Pena pake pali wina amene sanamasule kathumba kake, akudikira inuyo.