Bafa ya Nthunzi ya Amalume a Lazaro

Ndikukumbukira chaka chimene amalume a Lazaro, mlongo wawo wa amayi, anabwerako ku Rasha. Anatsika basi ya ku Lusaka mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, atavala chipewa cha ubweya chophimba makutu ndi chijasi chofika m'mawondo, thukuta lili kamukamu. Ine ndinali kamtsikana ka Giredi 5, ndipo tinkakhala ku Kapata, m'tauni ya Chipata. Boma linawatuma kukaphunzira za makina olimira, koma tikawafunsa za makinawo ankangoyankha mwachidule. Chimene anabwera nacho chodzaza m'kamwa ndi mudzi wina wotchedwa Lipovuka.

Kumudziko anangokhalako miyezi ingapo, kuyambira pokumba mbatatesi mpaka chisanu chitalowa, koma mukanawamva mukanati n'kumene kunakwiriridwa mchombo wawo. Madzulo aliwonse ankatisonkhanitsa ana pabwalo n'kujambula Lipovuka padothi ndi kamtengo. Apa msewu umodzi wokhawo, nyumba zamatabwa mbali iyi ndi iyo. Apa mtsinje umene umauma gwa nthawi yachisanu mpaka ngolo ya hatchi n'kuwoloka pamwamba pa madzi. Uko nkhalango ya mitengo ya makungwa oyera, ndipo siteshoni ya sitima ili kutali ngati kuchoka pano kukafika ku Mtenguleni. Mbiri yakenso tinailoweza ngati katekisimu. Kalekale mudzi wonsewo, anthu ndi nkhuku zomwe, unali katundu wa bwana mmodzi. Kenako boma linasintha, tchalitchi chawo n'kusanduka nkhokwe ya mbatatesi. Itabwera nkhondo yaikulu amuna anapita, obwerako anali owerengeka, ndipo maina a otsalira kunkhondoko analembedwa pamwala pakati pa mudzi. Zonsezi ndinkazidziwa bwino, koma tsiku limene aphunzitsi anandifunsa kumene mtsinje wa Lutembwe umathira, ndinangoti kukamwa yasa.

Pakhomo pathu panalibe chinthu chimene chinkapulumuka. Amayi akaphika ndiwo, ku Lipovuka saphika choncho. Galu akauwa, agalu a ku Lipovuka amauwa mwaulemu. Bambo anafika pomanyamula mpando wawo n'kukakhala kuseri kwa nyumba akangomva mawu oti "Ku Lipovuka."

Koma amalume analinso ndi china mumtima, ndipo chimenechi chinali chapafupi. Ankafuna kukwatira Anasitazia, mwana wa a Banda, akatekisiti a parishi yathu. Anasitazia ankaimba kwaya, ankaseka mosabisa mano, ndipo Loweruka ankabwera kudzandiluka tsitsi osandikoka ngati mmene ankachitira amayi. Ndinkamukonda kwambiri. Ankhoswe anali atakumana kale, chikole chitaperekedwa, mpango wamaluwa ofiira wochokera ku Rasha komweko. Vuto linali a Banda. Iwo anali atamva kuti ku Rasha anthu sapemphera, ndiye amalume, m'malo motseka pakamwa, anawafotokozera monyadira za tchalitchi chosungiramo mbatatesi chija. A Banda anati ayamba aona kaye khalidwe la mnyamatayo mpaka anthu atakolola. Amayi anawalangiza amalume kuti atenge khasu azikathandiza kumunda kwa a Banda, azipereka moni atagwada, ndipo Lipovuka aziisiya kunyumba. Anavomera ndi mutu wokha.

M'malo mogwira khasu, anayamba kuumba njerwa. Kuseri kwa nyumba yathu anamanga kanyumba kopanda zenera, chitseko chake cholowa chowerama. M'katimo anaika benchi yamatabwa ndi theka la mgolo lodzaza miyala, pansi pake posonkhera moto. Anati ku Lipovuka banja lililonse lili ndi bafa yotere, ndipo munthu amene sanasambemo sadziwa kusamba. Anthu oyandikana nafe ena ankati ndi uvuni wa buledi, ena ankanong'ona kuti ndi kachisi. Popeza mitengo ya makungwa oyera kuno kulibe, anadzala bulugamu m'mbali mwa mpanda, ndipo podikira kuti ikule ankakathyola masamba kumsewu. Fungo la bulugamu wonyowa ndi utsi linalowa m'zovala zathu zonse, mpaka anzanga kusukulu ankandifunsa ngati kwathu kuli matenda.

Tsono a Banda ankavutika ndi msana chifukwa chopalasa njinga kumatchalitchi a kumidzi. Amalume ataimva nkhaniyi anaona kuti mwayi wawo ndi umenewu. Anatumiza mawu kudzera kwa nkhoswe kuti ali ndi mankhwala a nthunzi, ndipo Loweruka lina masana a Banda anafika akuyenda chopindika. Iwo ankaganiza za kufukiza kumene tonse timakudziwa, koti munthu amakhala yekha n'kufunda bulangete pamwamba pa mphika wa masamba. Anavula malaya ndi buluku, n'kulowa ndi kabudula wam'kati yekha.

Mukudziwa mmene mkamwini amaopera apongozi. Akakumana panjira amapatuka, ndipo akayandikira pamene akuluakulu akusamba amafuula ali patali kuti asaone zosayenera. Koma ku Lipovuka, malinga ndi amalume, ulemu waukulu kwa mlendo ndi woti mwini nyumba alowe naye m'bafa n'kumukwapula ndi nthambi za masamba kuti magazi ayende. Zimenezi a Banda palibe anawauza. Tinangoona amalume atamanga thaulo m'chiuno, mtolo wa bulugamu uli m'manja, akuwerama n'kulowa, chitseko n'kutseka.

Ine ndi amayi tinali pakhonde tikusenda mtedza. Poyamba tinamva madzi akuti tswee pamiyala yamoto, kenako a Banda akutsokomola. Kenako phwa! Phwa! Phwa!

"Mayo ine! Lazaro, ndakulakwira chiyani?"

"Pirirani bambo, umenewu ndi ulemu! Tembenukani, kwatsala mbali inayo!"

Amayi anagwetsa lichero. Chitseko chinatseguka ndi chidendene, a Banda n'kutuluka chokwawa, thupi likufuka nthunzi, masamba atamatirira kumsana konse. Msana wopindika uja unawongoka nthawi yomweyo, ndipo anayamba liwiro. Koma mwambo unali usanathe. Ku Lipovuka munthu akatuluka m'bafa amakagubuduka pa chipale chozizira, madzi oundana oyera amene amagwa kumwamba nthawi yachisanu, ndiye popeza ku Kapata chipale kulibe, amalume anawathamangira ndi ndowa ya madzi a mumtsuko n'kuwakhuthulira kuyambira kumutu. Tsoka sasimba, tsiku limenelo amayi a mphakati wa parishi yathu ankapemphera pansi pa mtengo wa mango kwa oyandikana nafe, ndipo mpanda wake unali wofika m'chiuno. Pakati pawo panali akazi awo a a Banda ndi Anasitazia. Pemphero linadukira pakati, ndipo amayi ena anadziphimba kumaso ndi zitenje koma akusuzumira.

M'mawa mwake nkhoswe anabweza mpango wamaluwa ofiira uja. A Banda anati munthu wokwapula apongozi ukwati usanachitike, mwana wawo adzamutani akadzamutenga? Amalume anapepesa ndi mbuzi, mbuziyo inalandiridwa, koma mawu sanasinthe. Chowawa n'chakuti msana uja unapoladi. Tinkawaona a Banda akukwera chitunda pa njinga ngati mnyamata, koma mpaka kumwalira kwawo ankati anachira ndi mapemphero. Ine ndinalira, ndipo ndinakhala nthawi yaitali osawapatsa moni amalume. Anasitazia anakwatiwa ndi kalaliki wina wa kumsika wa thonje n'kusamukira ku Nabvutika. Amalume sanakwatirenso. Anakalamba akukonza zigayo, ndipo aliyense wobwera ndi chigayo chakufa ankabwerera atadziwa kumene mtsinje wa Lipovuka umalowera.

Masiku ano zinthu zinatembenuka. Ku Lusaka anthu olemera amalipira kuti akatsekeredwe m'kachipinda ka nthunzi, ndipo amati n'chitukuko. Mwana wanga anaufunafuna mudzi uja pa foni n'kuupeza: msewu umodzi womwe uja, madenga ambiri atagwa, tchire litalowa m'minda. Atawaonetsa amalume, iwo anayang'anitsitsa n'kunena kuti foniyo ndi yabodza. Ndiye itabwera Kovidi, Chipata yense anayamba kufukiza bulugamu, ansembe ndi akatekisiti omwe, mpaka mitengo ya m'misewu inatsala mbulanda. Anthu omwe aja ankati amalume anapenga anayamba kuima pampanda pathu ndi matumba, popeza bulugamu wa amalume uja anali atakula kuposa denga.

Tsiku lina m'mawa ndili kwathu ku Kapata, panafika gogo wina wovala zakuda, atanyamula kathumba. Ndinamuzindikira ndi kaseko kake. Anali Anasitazia, amuna ake atamwalira chaka chomwecho. Amalume anadzuka pampando movutikira, n'kukathyola okha masamba mpaka kathumbako kanadzaza.

"A Lazaro," anatero Anasitazia akumanga kathumbako, "ine mpango uja sindinafune kuti ubwezedwe. Ndinadikira mpaka dzinja lina kuti mwina mubwera ndi khasu kumunda kwa bambo. Inu munali kuti?"

Amalume anatsegula pakamwa. "Ku Lipovuka..." anayamba motero, monga mwa nthawi zonse. Tinadikira. Anayang'ana kanyumba kaja, kamene tsopano timasungiramo makala, kenako anayang'ana mayiyo akutuluka pachipata. Chibadwire changa, limenelo ndi tsiku lokhalo limene ndinawamva amalume atayamba mawu amenewo osawamaliza.