Nsomba Imene Ndinakana Kutaya

Ntchito yanga inali ya moto. Pa famu ya mzungu wina kufupi ndi Madzimoyo, ine ndi amene ndinkasonkha moto m'mabalani oumitsiramo fodya, ndipo ndinene mosabisa, panalibe wondiposa. Ndinkangogwira khoma n'kudziwa ngati moto wachuluka kapena wachepa. Inali nthawi ya Chitaganya, Chipata akutchedwa Fort Jameson, ife anthu akuda tikugulira nyama pazenera la kumbali kwa butchala.

Chaka chilichonse fodya akagulitsidwa, kuzizira kwa mwezi wa Juni kutafika poipa, bwana ankathawira kunyanja ya mchere cha ku Beira kukawedza nsomba. Chaka china khukhi wake anadwala, ndiye anatenga ine. Mkazi wanga anali ndi pakati pa mwana wathu woyamba, ndipo chilichonse chimene wadya chinkabwerera. Anaonda mpaka ndinayamba kuopa. Ankangolakalaka nsomba, koma kwathu kuno nsomba n'zosowa, ndipo timatemba ta pamsika tinali mchenga wokhawokha.

"Amunanga, mukupita kumene kuli nsomba," anatero pondilongedzera bulangete. "Musabwere chimanjamanja."

"Ndikubweretserani yaitali ngati inuyo," ndinatero.

Anaseka, n'kunena kuti bodza ndiye ndimalitha.

Tinayenda masiku atatu pa galimoto, kudzera ku Katete ndi ku Tete. Kunyanjako kunali kofunda bwino, juzi osaifuna n'komwe. Tinamanga tenti pamchenga, ndipo bwana anachita hayala boti la injini la Mpwitikizi wina. Masiku oyamba tinkawedza m'mbali, pamene mitengo imamera m'madzi momwe. Kumeneko ndinalimba. Tsiku lachinayi tinapita pakati penipeni, mtunda osaoneka, ndipo ine mwana wa kumunda ndinasanza mpaka ndulu. Ndili chigonere pansi m'botimo ndinaona bwana akulimbana ndi chingwe, thukuta lili kamukamu, mpaka anaivuula. Inali nsomba yaitali kundifika pachifuwa, yonyezimira, mano ngati a galu.

Titafika kumtunda anaipachika pa sikelo, anaima pambali pake, Mpwitikizi n'kumujambula. Basi, kwa iye nkhani inathera pomwepo. Anandiitana.

"Boyi, dula iyi. Mawa nyambo ya shaki."

Poyamba ndinaganiza kuti sindinamve bwino Chinyanja chake chopindikacho. Koma ayi, ankatanthauzadi kuti nsomba yonseyo idulidwe, akaiponye m'madzi kuti akope chilombo china cha m'nyanja chimene ngakhale iye mwini sadya. Mtima unandiwawa. Mkazi wanga akuuma ndi njala ku Madzimoyo, ine ndikhale pano ndikukonzera shaki ndiwo!

Ndinaidula ndithu. Theka ndinaika m'ndowa ya nyambo, theka ndinalikwirira ndi masaka kuseri kwa tenti. M'mawa ndinauza bwana kuti nyanja yandikana, ndipo apo sindinaname. Boti litangonyamuka ndinayamba ntchito yanga yeniyeni. Ndinapempha mchere kwa asodzi a pamenepo, ndinacheka nsombayo mizeremizere, ndinakumba dzenje, n'kumanga kathandala ka timitengo pamwamba pake. Nkhuni zinali makoko a kokonati. Asodziwo ankandiseka kuti moto wanga ndi waulesi, sungawambe kanthu. Ine ndinangopitiriza ntchito yanga. Nsomba yonenepa chonchija ukaifulumizira moto imapsa kunja, m'kati n'kuola, chimodzimodzi tsamba la fodya. Ndinaiwamba masiku atatu, kuzimitsa moto boti likamabwera, kuuyatsanso likachoka. Inatuluka yofiirira, youma bwino, mpaka mmodzi wa ondiseka aja anapempha kulawa.

Pobwerera ndinaikulunga m'saka limene kale munali fodya, n'kuibisa pansi pa tenti padenga la galimoto. Tinaoloka Zambezi bwinobwino, tinalowa m'dziko lathu bwinobwino. Titatsala pang'ono kufika pa Katete, tayala linaphulika. Tayala lapadera linali padenga pomwepo, pansi pa katundu yense. Potsitsa katunduyo saka lija linamasuka, fungo n'kumupeza bwana pamene anaima.

"Ichi chiyani?"

"Nsomba, bwana. Ya akazi anga, akudwala."

Anaitembenuza ndi nsapato. Ndi nsapato! Kenako anaizindikira.

"Nyambo yanga. Iwe waba."

"Inu sindinakubereni, bwana. Munapatsa shaki. Ngati pali wodandaula, ndi shakiyo."

Nkhope yake inafiira. Anati galimoto yake si msika wa nsomba, ndiitaye m'tchire pompo. Ndikakana, ntchito yatha, ndipo nyumba ya pakomponi ndituluke.

Ndisaname, ndinachita mantha. Ndinaganiza za nyumbayo, za mwana amene akubwera, za apongozi anga amene adzati mkamwini wawo wataya ntchito chifukwa cha ndiwo. Koma ndinaganizanso zofika pakhomo, mkazi wanga akuyang'ana m'manja mwanga, ine n'kumuuza kuti nsomba yake ndaisiyira agalu a ku Katete chifukwa mzungu sanakonde fungo. Zimenezo ndiye zinandikanika.

Tayala ndinamumangira, chifukwa ntchito yoyamba kale sindiisiyira panjira. Nditamanga nati yomaliza ndinapukuta m'manja, ndinatola bulangete langa, saka paphewa.

"Kwera!" anakuwa. "Taya, kwera!"

"Pitani bwino, bwana."

Anapita ndithu, fumbi lokhalokha kundisiyira. Ndinayenda wapansi masiku awiri, mphepo ya Juni ikundilowa m'mafupa, agalu a m'midzi akundilondola chifukwa cha fungo. Pamene ndinkafika, kapitawo wa pafamu anali atamutulutsa kale mkazi wanga m'nyumba ija, ndipo ndinakamupeza kwa amayi ake, atakhala pamphasa padzuwa. Apongozi anandilonjera ndi mawu ozizira, maso ali pa saka. Nkhani yonse inali itawafika kale.

Mkazi wanga sananene za ntchito. Anamasula saka, anatenga mzere umodzi n'kuuyeza ndi mkono wake.

"Si munati yaitali ngati ine?"

"Inayo anadya ndi shaki."

Anabenthula kachidutswa, osadikira n'kuphika komwe, n'kuyamba kutafuna pang'onopang'ono. Tonse tinkadikira kuti athamangire kuseri kwa nyumba monga mwa masiku onse. Sanadzuke. Anabenthulanso china.

"Ikununkha fodya," anatero, akunyambita zala. "Amayi, muibise bwino, alendo asaione."

Nsomba imeneyo inamusunga milungu ingapo, mpaka chakudya china chinayamba kukhazikika. Ine ndinalima mtedza m'munda wa apongozi, ndikumeza mawu awo tsiku ndi tsiku, ndipo sizinali zokoma.

Nyengo youmitsa fodya itafika, kapitawo uja anatulukira panjinga. Anandipeza pakhonde nditanyamula mwana wathu wamkazi. Anati amene analowa m'malo mwanga wapsereza balani lonse, ndipo bwana wandikhululukira, ndibwerere.

"Wandikhululukira chiyani?" ndinamufunsa.

Anangoyang'ana pansi, akuseweretsa belu la njinga.

"Mukawauze kuti ndagwira mwana, manja alibe mpata," ndinatero. "Moto akawasonkhere shaki, paja anadya zawo."