Ndinachitira Umboni Katundu Wakuba

Inu owerenga, ndikulemba izi mtima ukuwawa, ndipo amene ndamukwiyira kwambiri ndi ine ndemwe. Ndine mayi wa ku Ndunde, wopemphera, koma ndinaimirira m'tchalitchi n'kuchitira umboni katundu wakuba.

Mwana wanga Lonjezo anamaliza Folomu 4, ntchito osaipeza. Kamunda kathu n'kochepa, feteleza sitinkamukwanitsa. Ndine ndinamukakamiza kupita ku Joni, poona anzake akumangira makolo awo nyumba za malata. Ndinagulitsa mbuzi, ndinamupempherera, ananyamuka.

Chaka choyamba kunali zii. Chachiwiri katundu anayamba kubwera: sola, wailesi yakanema, mabulangete, mafoni. Lamulungu lina ndinavala nsalu yatsopano, n'kuuza mpingo kuti Yehova wakumbukira nyumba yanga. Amayi anzanga analulutira. Ndikamufunsa Lonjezo za ntchito ankangoti maganyu, ine osafunsanso. Foni ina inabwera ili ndi zithunzi za ana a munthu wina. Ndinangouza mlongo wake wa Lonjezo kuti azifufute.

Uthenga anabwera nawo ndi mnzake amene anabwezedwa chifukwa chosowa mapepala. Anati Lonjezo ali kundende, anagwidwa akuthyola nyumba. Anandiuzanso kuti ankagona mothithikana m'kachisakasa, kutsidya kwa msewu kuli nyumba za mipanda yamagetsi, agalu akudya nyama. Bwana wina anawagwiritsa ntchito mwezi wathunthu, tsiku lolipira n'kuwaopseza kuti aitana apolisi.

Lonjezo atapeza mpata woimba foni, ndinamukalipira. Iye anangoti, "Amayi, munkandiuza kuti mwayamika Mulungu pamaso pa mpingo. Ndikanasiya bwanji?"

Pano omwe ankadzatchajitsa mafoni kwathu akuti dziko limenelo n'la mbava. Zimandipsetsa mtima. Kuno tonse ndife osauka, woba nkhuku amadziwika ndi mudzi wonse. Kumeneko wanjala amadzuka n'kuyang'anizana ndi chuma cha ena tsiku ndi tsiku, popanda wachibale womuchitira manyazi. Kuba n'tchimo, sindikumuikira kumbuyo mwana wanga. Koma odyera thukuta la ana athu nawonso akayankha, ndipo ine ndikayankha limodzi nawo.

Ndikuthokoza amayi awiri amene amabwerabe kudzapemphera nane, Mulungu awadalitse.

Makolo anzanga, musathamangitsire ana kunja chifukwa cha malata a mnzanu. Katundu akafika, funsani kumene wachokera musanalulutire. Nsalu ija ili m'sutikesi, sindinaivalenso. Mbuzi ndagula ina, koma Lonjezo sindikudziwa ngati ndidzamuonanso.