Zitini zitatu za chimanga

Lero ndapeza anankafumbwe m'thumba la chimanga, ndipo ndakumbukira inu, malemu aphunzitsi Mbewe. Ndili Giredi 9 ku Chadiza, m'ma 1990 muja, ndinadzisankhira ndekha kafukufuku woona ngati phulusa limateteza chimanga. Munandithandiza kukonza zitini zitatu za chimanga chosakaniza ndi phulusa, n'kundiuza kuti ndiziwerenga njere zobooka Lachisanu lililonse.

Chimanga chinafumbwa m'zitini zonse. Poopa kulephera, ndinalemba manambala abodza. Inu munangovundukula chitini chimodzi, n'kunena motsitsa mawu, "Tisa, lemba zimene waona. Lalephera ndi phulusa, osati iwe." Ndinalembanso misozi ili mbwembwembwe, ndipo munandipatsa malikisi apamwamba.

Pano ndine nesi, ndipo sindilemba nambala imene sindinaione ndi maso anga. Gonani mumtendere, aphunzitsi anga.