Msomali womaliza wa nyumba ya kudoko

Bodil Kjeldgaard nsanje anali nayo, ndipo sankaibisa. Anatumbula nsomba kufakitale ya ku Esbjerg mpaka zala zinapindika, koma anthu ankamudziwira nyumba yakale ya kudoko, mmene mpingo unkagoneka mabanja osowa pokhala. Iyenso anagonamo kale, mwamuna atamuthamangitsa ndi ana awiri. Zipinda munalibe, mabanja ankangotchingana ndi makatani. Kuseri kwa katani yake kunkagona Jytte Overby, mayi wa mkonono ngati thirakitala. Chiyambire nthawi imeneyo awiriwa ankapatsana moni wa pakamwa pokha.

Atapeza pake, Bodil sanaiwale nyumba ija. Ankabwera kudzachapa zofunda, kudzakolopa, kudzakalipira ana a eni. Mphepo ya mkuntho itasasula denga, khoma n'kugwa, iye ndiye anayamba kutola mabotolo m'misewu ndi kukazinga zitumbuwa pamsika, chisanu chikumuluma m'mawondo, kuti nyumbayo imangidwenso.

Koma komiti yoyendetsa ntchito yomangayo itafuna nkhope yomata pa zitini za zopereka, inasankha Jytte, munthu woti tsache la m'nyumba ija sanaligwirepo. Kubekale Jytte, kubanki Jytte, pa basi Jytte yemweyo. Ndalama zinabweradi, khonsolo n'kuwonjezerapo, ndipo zimenezo ndiye zinamuwawa zedi Bodil.

"Nkhope yomvetsa chisoni ndi luso," ankatero pamsika. "Enafe tinangopatsidwa manja."

Chinamutsalira chimodzi. Pa mwambo wa kumeneko, akalipentala akaimika mitengo ya denga amapachika nkhata ya masamba pamwamba, anthu n'kudya masoseji, mwini nyumba n'kukhoma msomali womaliza. Nyumba iyi inalibe mwini, choncho Bodil anati msomali ndi wake basi. Anagula hamala n'kumayeserera pa thabwa kukhitchini, mpaka okhala pansi pake anadandaula.

Tsiku la mwambowo litafika, wapampando wa komiti anatsokomola, n'kuitana dzina la Jytte.

Bodil anasiya soseji yoluma kamodzi, n'kuchoka osatsanzika, mtima ukuwira. Poimika magalimoto anadutsa kagalimoto ka Jytte, ndipo poti chinthu cha Jytte sankachidutsa osasuzumira, anasuzumira. Munali mabulangete, mapilo atatu, misuwachi m'kapu ndi zikwama za sukulu za adzukulu awiri amene Jytte ankalera. Pawindo lakumbuyo panali katani yomangirira ndi chingwe. Bodil anaiyang'ana katani ija kanthawi, kenaka anabwerera.

Anapeza Jytte ali pamwamba, hamala ili m'manja, msomali ukungogwa. Preben, mkulu wa akalipentala, anali kumugemula.

"Amayi, fulumirani, mowa ukutentha pansipa. Kapena tikuitanireni nesi?"

Bodil anakwera makwerero, mawondo akulira.

"Ndaona m'galimoto mwako," anatero motsitsa mawu. "Bwanji sunanene?"

"Ndinene kwa ndani, kwa iwe?" anayankha Jytte. "Nyumba tinkachita lendi ija anaigulitsa. A komiti okha ndi amene akudziwa. Akuti muno mukatha, chipinda choyamba ndi chathu."

"Cha chitseko?"

"Ndi kiyi yemwe."

Nsanje inamubayanso Bodil pomwepo, tisanamizane. Iye ana ake anawalera kuseri kwa nsanza, ndiye uyu chitseko ndi kiyi yemwe. Koma anaona zala za mnzakeyo, zotupa ndi chisanu cha m'galimoto.

"Manja akukana," anatero Jytte. "Tandigwirira msomaliwu."

Bodil anautsina msomali, n'kuuimika pa mtengo. Zala zake zinali pansi pa hamala ya munthu amene anamujeda msika wonse.

"Khoma. Ndipo uziyang'ana pamene ukumenya, si kamera iyi."

Kaya linali dala kaya ngozi, mpaka lero palibe akudziwa. Hamala inatera pa chala chachikulu cha Bodil. Misozi inalengeza, magazi n'kudontha pa thabwa, koma msomali sanausiye. Jytte anamenyanso, msomali n'kulowa, pansi anthu n'kuwomba m'manja akutchula dzina la Jytte.

Chikhadabo chinada, chinachoka, n'kumeranso chokhota. Bodil akadakazingabe zitumbuwa pamsika, chitini cha nkhope ya Jytte chili pambali pa chiwaya. Aliyense wogula amayamba waonetsedwa chala chija, afune asafune.

"Uyu ali pa chitini," amatero, akugogoda chitinicho ndi chikhadabo chokhotacho. "Ine ndili m'denga."