Khanda limene tinalisalira kudya

Uthenga unabwera ndi mwana wanga wa giredi seveni: makolo onse afike kusukulu Loweruka. Nkhani inali ya lamulo limene akuluakulu a boma akukambirana, loti ana aziphunzira za nzeru za makina, zija akuti AI. Amayi a felosipi yathu ku Nangongwe anandisankha kuti ndikawakanire, poti ine pagulu sindimangika pakamwa. Tinkati chinthu cholankhula chopanda mzimu si cha Mulungu.

Ndinavala chitenge changa cha kutchalitchi, mawu ndikuwabwereza mumtima njira yonse.

Ba ticha a kompyuta, mtsikana wamng'ono chabe, anaonetsa vidiyo pakhoma. Mtima wanga unangoti thi! Linali khanda lija, logona m'chipatala, machubu m'mphuno, litakweza timanja ngati likupemphera. Mwezi wam'mbuyo ndine ndinalitumiza pagulu lathu la pafoni, ndikuti aliyense alembe Amen. Ndinenso ndinaitanitsa kusala kudya. Amayi ogulitsa nsomba pamsika anakhala padzuwa tsiku lonse osalawa ngakhale madzi, mnzanga wodwala shuga mpaka anagwa chizungulire.

"Makolo, onetsetsani zalazo," anatero ba ticha. Dzanja limodzi linali ndi chala chowonjezera. "Mwana uyu sanabadwepo. Anamupanga ndi makina kuti anthu azingotumizirana. Izi ndiye tifuna ana anu azizindikira."

Bambo wina kumbuyo anaseka. "Imwe, alipo wamkulu angakhulupirire zimenezi?"

Mnzanga wa shuga uja anali pambali panga. Sanandiyang'ane, anangokonza duku lake.

Kenaka ba hedi anati, "Ba mayi a ku Nangongwe, tamva kuti muli ndi mawu."

Ndinaimirira. Zonse ndinakonza zija zinauluka. "Ba ticha," ndinatero, "ife makolo simungatiphunzitseko? Ngakhale pabenchi lakumbuyo tizikhala."

Anthu anaseka, koma ba ticha sanaseke, Mulungu awadalitse. Anati tizibwera Lachisanu ana akaweruka.

Pobwerera mnzanga uja anati, "Asisi, paja tinakutumani kukakana."

"Ndikudziwa," ndinayankha, maso ali pansi.

Tinayenda mpaka kudutsa njanji. Ndinkadikira kuti andikalipire, ndipo ndikanalandira.

"Njala ija Mulungu anaiona, palibe chinatayika," anatero. "Koma Lachisanu mundidutsire. Ndipo mubwere ndi mabanzi, mwandisalitsa mokwanira."